Lamba wa AC akayamba kulira: kumuyeza, kumukunga ndi kumusintha nokha

Kuno ku Mzuzu AC ya m'galimoto, ija yoziziritsa mpweya mkati, timaikumbukira kawiri pachaka. Koyamba ndi m'mawa wa mu Juni, chifunga chitakuta Katoto yense, galasi lakutsogolo litachita nthunzi mkati, iwe ukuyendetsa dzanja limodzi lili pachiwongolero, lina likupukuta ndi kansalu. Kachiwiri ndi mu Okutobala, potsetsereka kupita ku Nkhata Bay kapena ukadutsa Chiweta kulowera ku Karonga, kumene mphepo yolowera pawindo imakhala ngati ikuchokera mu uvuni wa njerwa. Miyezi ina yonseyi batani lija limangokhala. Ndiye tsiku lomwe walidina, pansi pa boneti pamamveka tswiii, anthu a pa siteji onse n'kucheuka.

Kulira kumeneko nthawi zambiri kumachokera pa lamba amene amazunguza kompuresa ya AC, chipangizo chopopa gasi woziziritsa. Kumusintha ndi ntchito yoti munthu wa masipanala atatu akhoza kuigwira pakhomo Loweruka m'mawa, n'kumaliza nsima isanapse. Koma pali dzenje limodzi limene ine ndinagweramo, ndipo sindikufuna kuti mugweremonso. Pa Hilux yanga yakale ya injini ya 5L ndinagula malamba atatu m'chaka chimodzi, uku ndikunyoza ogulitsa kuti akundigwiritsa feki. Wachitatu atayamba kusosoka m'mbali, ndinapita kwa mkulu wina wokonza magalimoto ku Luwinga. Iye sanamuyang'ane n'komwe lambayo. Anangomuvula, n'kuzunguza ndi chala kapule kakang'ono komukungira, kagudumu koyendapo lamba. Kanalira kuti khwerere, n'kuima pomwepo. "Bwana, mwamva?" anatero. "Lamba sadzifera yekha. Amachita kuphedwa. Wakupha wake ndi uyu." Beringi ya kapule kaja inali itauma, girizi anatha kalekale. Choncho pa zonse ndilembe pano, mphindi zisanu zimene lamba amakhala atavulidwa ndi zomwe musazidumphe.

Muli ndi malamba angati?

Tsegulani boneti injini itazizira, kiyi ali m'thumba. Sakani kompuresa. Ndi chitsulo chonenepa ngati chitini chachikulu cha mkaka waufa, chimakhala chakumunsi kwa injini, ndipo chimatulutsa mapaipi awiri. Kutsogolo kwake kuli pule, ndi waya wolowa pamenepo. Tsatirani ndi maso lamba amene wadutsa pa pule imeneyo, muone kuti akuzunguzanso chiyani.

Pa magalimoto akale, monga Hilux ndi Hiace za dizilo za 3L ndi 5L, AC ili ndi lamba wakewake, wa maonekedwe a V, ndi kapule kake komukungira. Ameneyu akaduka mumangotuluka thukuta basi, galimoto imayendabe. Koma pa magalimoto ambiri amene amalowera pa Songwe kuchokera ku doko la Dar es Salaam nkhani ndi ina. Tengani injini ya 1NZ, imene ili mu Sienta, Probox ndi Corolla zambiri zomwe zadzaza m'tauni muno. Lamba mmodzi yemweyo, wa timizere, ndi amene amazunguza kompuresa, alternator yotchaja batire, komanso pampu ya madzi. Hilux ya D-4D nayo ili ndi lamba mmodzi wautali, wozyolika m'mapule ngati njoka. Pa magalimoto oterewa, lambayo akaduka batire limasiya kutchajidwa, madzi amasiya kuzungulira, ndipo pakangopita mphindi zochepa injini yawira.

Onaninso chimene chimamukunga, chifukwa ndi chomwe chikuuzeni masipanala oti mutenge. Njira zake ndi zitatu: kapule kokwera ndi kutsika ndi bawuti yaitali, alternator imene imakankhidwa chakunja n'kumangidwa, kapena tensioner ya sipuling'i imene imakunga yokha. Palinso Mazda ndi Subaru zina zimene lamba wa AC alibe chomukungira chilichonse, amachita kutamuka ngati legeni, ndipo amavekedwa ndi kachitsulo kapadera. Ameneyo musamukakamize ndi sikuludiraiva, pitani naye kwa amakaniko. Eni Aqua ndi Prius zatsopanoko asavutike n'kusaka komwe: kompuresa yawo ndi yamagetsi, ilibe lamba.

Ndipo musasokoneze lamba ameneyu ndi timing belt. Uyo ndi wamano, amabisala mkati mwa chivundikiro, ndipo si ntchito ya Loweruka m'mawa.

Mverani kaye, kenako onani

Lizani injini, AC ili yozimitsa. Malaya aatali mikono pindani, tayi kapena mpango chotsani, ana akhale kutali. Wina akhale mkati adine batani la AC inu mukumvetsera. Muyenera kumva kuti tcha, mbale ya pakati pa pule ya kompuresa n'kuyamba kuzungulira limodzi ndi pule. Imeneyo ndi kilatchi ya maginito. AC ikakhala yozimitsa pule imangozungulira payokha, mbaleyo itaima. Makompuresa ena atsopano alibe kilatchi yotere, pakati pake pamazungulira nthawi zonse, ndiye musadabwe mukapanda kumva tcha.

Kulira kotalika kwa tswiii, kobwera mukangoyatsa AC, mukangoliza injini m'mawa kapena mukaponda moto mwadzidzidzi, kumatanthauza kuti lamba akuterereka. Wakhwepa, kapena kompuresa ikulemera kuposa mphamvu zake. Kulira kodukizaduka kwa tswi tswi tswi ngati mwanapiye, kotsatira kuzungulira kwa injini, nthawi zambiri ndi mapule amene sali pamzere umodzi. Kung'ung'udza kapena kukhwereza kosalekeza ndi beringi.

Ngati simukusiyanitsa, tengani botolo la pulasitiki, boolani kachibowo pachitsekerero, mufayire madzi pang'ono mkati mwa lamba injini ikulira, manja ali kutali. Phokoso likakula, vuto ndi kukhwepa. Likatha kwa kamphindi n'kubwereranso, mapule apotoka. Likapanda kusintha, lamba alibe mlandu, sakani beringi. Madzi okha, osati china. Pamalo ena otsukira magalimoto mnyamata amathamanga ndi sopo, kandulo kapena brake fluid, n'kupaka, phokoso n'kutha, inu n'kumupatsa ya fanta. Chimene wachita ndi kutseka pakamwa mwana wodwala. Lamba wopakidwa zoterezi amatola fumbi, oyilo ndiye amafewetsa labala n'kumutupitsa, ndipo pakatha sabata amalira kuposa kale.

Tsopano zimitsani, chotsani kiyi, muunike ndi tochi. Pa lamba wa V, onani m'mbali mwake. Iye amagwira pule ndi m'mbali, osati ndi pansi. M'mbali mukakhala mowala ngati mbale yotsukidwa ndi mchenga, wapsa ndi kuterereka. Akakhala kuti wamira mkati mwa pule mpaka pansi pa ngalande pakuwala, waperepeseka, ndipo ngakhale mumukunge bwanji sagwiranso. Pa lamba wa timizere sakani ming'alu yodutsa chopingasa, tizidutswa tonyotsoka, ulusi wotuluka m'mbali, ndi timiyala tolowa pakati pa timizere. Koma chenjerani apa. Malamba akale ankaonetsa ukalamba ndi ming'alu. Ambiri a masiku ano ndi a labala ya EPDM, imene sichita ming'alu msanga. Iwo amangodyeka pang'onopang'ono ngati tayala, timizere n'kusongoka, tingalande n'kukula, lamba akuoneka wabwinobwino. Akhoza kupitirira makilomita 100,000, koma poti galimoto zathuzi timazigula zitayenda kale ku Japan ndipo sitidziwa kuti lambayo anaikidwa liti, ine ndimati galimoto ikangofika, lamba asinthidwe pamodzi ndi oyilo woyamba.

Lamba akakhala wonyowa ndi oyilo kapena madzi a rediyeta, tsatirani kumene zikuchokera. Kawirikawiri ndi silu ya kuseri kwa pule yaikulu ya pansi, gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba pa injini, kapena pampu ya madzi imene yayamba kudontha. Kuika lamba watsopano pamalo podontha n'kutaya ndalama.

Pokagula

Lamba aliyense ali ndi nambala kumsana kwake. Ikakhala ngati 4PK1180, tanthauzo lake ndi ili: 4 ndi chiwerengero cha timizere, PK ndi mtundu wa timizereto, 1180 ndi kutalika kwake m'mamilimita. Nambala imeneyi ndi imene injini zambiri za 1NZ zimavala, ndipo Hilux zambiri za D-4D zimavala 7PK1516, koma musagule potengera zimene ndalemba pano, werengani wanu. Wa V amalembedwa kukula kwa msana ndi kutalika, monga 13 x 900, kapena ndi chilembo ngati A chotsatana ndi nambala. Jambulani nambalayo pa foni. Ikakhala itafufutika, tengani lamba wakaleyo popita kushopu, pamodzi ndi nambala ya chasisi imene ili pa blue book.

Wogulitsa akakuuzani kuti "bwana, wa 4 watha koma wa 3 uyu amalowa," kanani. Kulowa alowadi, koma mphamvu imene imayenera kugawidwa pa timizere tinayi idzagwera pa titatu. Pa kutalika, kusiyana kwa mamilimita 5 kapena 10 si vuto pa galimoto yokunga ndi bawuti, bola pakhale potsala poti bawutiyo iyende. Kupitirira apo mudzapeza kuti mwakoka mpaka kumapeto lamba akadali lende.

Bando ndi Mitsuboshi ndi makampani a ku Japan amene amapanga malamba a magalimoto ambiri a kumeneko, ndipo Gates ndi Dayco nawo ndi odziwika. Koma dzina amalemba aliyense. M'mashopu a masipeya a m'tauni muno muli enieni ndi onamizira, nthawi zina pa msomali umodzi. Mugwireni m'manja. Mupindeni chakumbuyo: asachite ming'alu, asakhale wouma ngati chikopa cha ng'oma, ndipo timizere tikhale tofanana kuzungulira konse. Zilembo zikamafufutika ndi chala, musiyeni. Amene wakhala zaka atapachikidwa pakhomo la shopu padzuwa wakalamba asanagwire ntchito. Ndipo ngati pa injini yanu pali malamba awiri oyenda limodzi pa pule imodzi, monga a alternator pa 5L, amasinthidwa onse awiri tsiku limodzi.

Kusintha kwake

Konzani sipanala za 10, 12 ndi 14, bokosi sipanala ya chogwirira chachitali, ya 19 ngati tensioner yanu ikufuna imeneyo, jeke ndi chochirikizira, tochi, choko, bulashi yawaya, ndi nsanza youma.

1. Imikani galimoto pamalo athyathyathya. Kuno malo otere ndi osowa, ambirife makomo athu ali pachitunda, ndiye kokani handibuleki, ikani giya, ndipo tsekerani matayala akumbuyo ndi miyala kapena njerwa. Injini izizire. Masulani waya wa batire wa chizindikiro cha kuchotsera ndi sipanala ya 10, chifukwa fani yamagetsi ya magalimoto ena imatha kudzuka yokha, komanso mukhala mukugwira pafupi ndi mawaya a alternator. Ngati wailesi yanu imafuna nambala yachinsinsi ikazimitsidwa, ikhale pafupi.

2. Jambulani mmene lamba wadutsira. Jambulani kawiri, pamwamba ndi pambali, kenako lembaninso pakapepala, timabwalo toimira mapule ndi mzere woimira lamba. Mukuona ngati mukumbukira, koma akangovulidwa mapule onse amafanana. Magalimoto ena ali ndi chithunzi chake kunsi kwa boneti.

3. Pezani njira. Pa Sienta, Vitz, Corolla ndi zina zimene injini inagona chopingasa, malamba ali mbali ya dalaivala, pafupi ndi tayala. Kwezani, chirikizani ndi chitsulo chake kapena chipika cholimba, chotsani tayala, kenako chipulasitiki chotchinga matope. Musalowetse mutu kunsi kwa galimoto imene yangodalira jeke. Njerwa zosanjikiza nazonso zimaphwanyika osachenjeza. Pa Hilux zonse zili kutsogolo, mumangowerama. Ngati lamba wa AC ali kuseri kwa anzake, anzakewo ayambe kuchoka, ndipo muwaike padera motsatana.

4. Khwefulani. Ngati ndi kapule ka bawuti yaitali, yambani ndi nati ya pakati pa kapuleko, kawirikawiri ya 14. Imasuleni kamodzi kapena kawiri, osaichotsa. Mukatero ndi pamene muzunguze bawuti yaitali ija kuti kapule kabwerere. Ambiri amayamba ndi bawuti yaitaliyo nati ili chimangire, n'kuipinda kapena kuithyola, ntchito ya ola limodzi n'kusanduka ya tsiku lonse. Ikakhala ya dzimbiri, ithirireni mafuta omasulira, mudikire. Ngati ndi alternator, masulani pang'ono bawuti yapansi imene alternator imazungulirapo, kenako yapamwamba ya pa chitsulo chong'ambika pakati, mukankhire alternator ku injini. Ngati ndi tensioner ya sipuling'i, kolani sipanala yaitali pamutu pake, kankhani pang'onopang'ono mpaka lamba akhwepe, muvuleni pa pule imodzi yosavuta kufikira, kenako bwezani sipanala mwaulemu. Sipuling'i imeneyo ndi yamphamvu. Chala chisapezeke pakati pa lamba ndi pule.

5. Lamba wachoka. Musathamangire watsopano. Apa ndi paja pa mkulu wa ku Luwinga.

Zunguzani pule iliyonse ndi dzanja, khutu lili pafupi. Kapule kokungira kayenera kuzungulira mosalala, mwakachetechete, n'kuima posachedwa chifukwa girizi akukagwira. Kakamathamanga kosaima ngati gudumu la njinga uku kakulira shwee, girizi watha. Kakamakhwereza kapena kugwiragwira, beringi yafa. Kagwireni mbali ziwiri mukagwedeze: kasagwedere. Pa timapule tambiri tachitsulo beringi yokha imachoka, nambala yake yalembedwa pambali, ndipo kuigula n'kotsika mtengo kuposa kapule konse. Chitani chimodzimodzi pa alternator ndi pampu ya madzi. Pa pampu onaninso kunsi kwake ngati pali mkwasa wa madzi ouma, wofiirira kapena woyera.

Pa kompuresa yesani zinthu ziwiri. Pule yakunja izungulire mopepuka, mopanda phokoso. Kenako gwirani mbale yapakati ija ndi dzanja lonse muipotoze. Iyenera kuyenda, molemerako pang'ono koma mosalala. Ikakana ndithu, kompuresa yajama, ndipo lamba watsopano adzapsa utsi uli tolotolo mukangodina batani. Mukaona utoto wa mbaleyo utapsa, kapena fumbi lofiira la dzimbiri pozungulira, kilatchi yakhala ikuterereka. Mpata wa pakati pa mbale ndi pule ndi waung'ono, pafupifupi theka la milimita. Zimenezi ndi za amisiri a AC. Mapaipi musawamasule: muli gasi wa R134a wopanikizika, amene amawotcha khungu ndi kuzizira ndipo akhoza kuwononga maso.

Pule yaikulu ya pansi, imene imazunguza onse, pa injini zambiri ndi zitsulo ziwiri zolumikizidwa ndi labala pakati. Labalayo akakalamba, chakunja chimayamba kuterereka kapena kupotoka. Unikani ngati wang'ambika kapena watumphuka. Mukakayikira, lembani mzere wa choko kudutsa zitsulo zonse ziwiri. Mukadzayenda tsiku limodzi n'kupeza mzere uja wasiyana, pule yatha.

Ngati muli ndi tensioner ya sipuling'i, ikankheni ndi sipanala muibweze kangapo. Iyende mosalala, ibwerere ndi mphamvu. Yogwiragwira kapena yofooka isinthidwe limodzi ndi lamba.

Pomaliza gonekani rula yachitsulo pankhope za mapule awiri oyandikana. Ikhudze mofanana. Ikasiya mpata mbali imodzi, sakani bawuti yomasuka pa chitsulo chonyamula kompuresa kapena alternator. Misewu yathu ya m'makwalala, ya ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa nthawi ya mvula, imamasula mabawuti amene simunawagwirepo chigulire galimoto.

6. Tsukani tingalande ta mapule ndi bulashi yawaya. Mudzadabwa ndi dothi lofiira louma gwa limene limatulukamo. Pukutani oyilo yense, pakhale pouma.

7. Yerekezani watsopano ndi wakale, timizere ndi kutalika. Wakale amakhala wotalikirapo pang'ono chabe. Vekani motsatira chithunzi chija, kuyambira pa pule yapansi. Mbali ya timizere imagona pa mapule a tingalande, msana wosalala umagona pa mapule osalala. Pule yomaliza ikhale imene ili pamwamba, yosavuta kufikira. Musamutembenuzire mkati ndi sikuludiraiva, mumadula ulusi wa mkati umene ndi mphamvu yake. Akakana kulowa, simunakhwefule mokwanira kapena mwamudutsitsa polakwika. Kudutsitsa polakwika si nkhani yaing'ono: pa injini zina pampu ya madzi imazunguzidwa ndi msana wa lamba, ndipo mukamudutsitsa mbali inayo pampu imazungulira chobwerera.

Musanakunge, yendetsani chala pa pule iliyonse, makamaka yapansi ndi ya kompuresa zimene sizioneka bwino. Lamba akadumpha kamzere kamodzi kokha, amasosoka m'mbali musanafike pa Ekwendeni.

Kukunga

Tensioner ya sipuling'i imadziwa yokha, inu mumangoibweza. Zinazi zimafuna dzanja lanu. Pa kapule, zunguzani bawuti yaitali mpaka lamba alimbe, kenako mangani nati yapakati. Pa alternator, ikankhireni kunja ndi chitsulo chachitali kapena mpini, mutatsamiritsa pa chitsulo cholimba cha injini, osati pa paipi kapena kachipangizo ka waya kamene kali pafupi. Mangani bawuti yapamwamba mukadakankha, kenako yapansi.

Poyeza, sankhani pamene lamba wayenda mtunda wautali popanda pule, mudinikize pakati ndi chala chachikulu mwamphamvu, mphamvu yonyamulira thumba la makilogalamu 10. Lamba watsopano alowe mamilimita 7 kapena 8, amene wagwirapo ntchito alowe 11 mpaka 13. Miyeso imeneyi ndi ya injini ngati 1NZ, ndipo ya injini zina imasiyana pang'ono, koma ikukupatsani chithunzi: pafupifupi sentimita imodzi. Ikani rula pambali, maso amanama. Njira ina ya amakaniko ndi kumupotoza ndi zala pamalo omwewo: afike chammbali, kotala ya kuzungulira, osapitirira.

Ife Amalawi timakonda kumanga mpaka sipanala ilire, poganiza kuti kuthina ndiye kulimba. Pa lamba ayi. Wothina kwambiri salira, n'zoona, koma amakoka mapule usana ndi usiku mpaka beringi ya alternator, ya pampu ya madzi kapena ya kompuresa itatha, ndipo chilichonse mwa zimenezi ndi chodula kuposa malamba khumi. Ndikaganiza bwino, kapule kanga kaja ndinakamaliza ndekha, chifukwa lamba akalira ndinkangowonjezera kukunga.

Bwezani waya wa batire, werengani masipanala anu kuti pasatsale ina mu injini, lizani. Yang'anani lamba ali pa liwiro: ayende mowongoka, osavina. Yatsani AC, magetsi akutsogolo ndi fani yamkati zonse pamodzi kuti alemedwe, mumvetsere. Pakatha mphindi 5 zimitsani muyezenso. Lamba amene wayenda mphindi 5 amawerengedwa kuti ndi wogwirapo ntchito, ndipo amakhala atakhazikika m'tingalande n'kukhwepa pang'ono. Dzayezeninso pakatha sabata. Chipulasitiki chotchinga matope chija bwezerani, ngakhale mutachimanga ndi mawaya. Magalimoto ambiri kuno chinagwa kalekale, ndipo mvula ya ku Mzuzu, imene imafika mpaka mu Epulo ndi Meyi, imaponyera madzi ndi mchenga pa lamba mwachindunji.

Kuti akhalitse

Yatsani AC kamodzi pa sabata kwa mphindi 10, ngakhale mu Julayi mutavala jekete. Oyilo wa kompuresa amayenda limodzi ndi gasi, ndiye ikakhala miyezi osazungulira masilu amauma, gasi amathawa, ndipo tsiku loidzutsa imalemera. Mukatsegula AC pamodzi ndi mpweya wotentha, n'kuulozetsa pagalasi, chifunga cha mkati chimatha msanga kuposa kupukuta ndi nsanza, chifukwa AC imachotsa chinyezi mumpweya. Potero mwasamala kompuresa, mwaonanso msewu.

Condenser, kaja kooneka ngati rediyeta yopyapyala kutsogolo kwenikweni, kazikhala koyera. Kakatsekeka ndi matope, udzu ndi tizilombo, kapena fani yake ikafa, gasi amapanikizika kwambiri, kompuresa imalemera, lamba n'kuyamba kulira pamene mwaima pamzere wa mafuta dzuwa lili pamutu. Gasi wothira mopitirira muyezo amachitanso zomwezo. Tsukani ndi madzi a paipi wamba, osati a mphamvu aja amene amapinda timapepala take. Ndipo nthawi iliyonse yosintha oyilo, dinikizani lamba ndi chala, muunike ndi tochi.

Lamba wakale, ngati sanaduke, musataye. Mukulungeni mupepala, mumuike pansi pa tayala la sipeya pamodzi ndi sipanala za 12 ndi 14. Mkati mwa Chikangawa usiku mulibe shopu.

Zikakuonekerani panjira, choyamba zimitsani AC ndipo chotsani mpweya pagalasi, chifukwa magalimoto ambiri amayatsa kompuresa okha mukalozetsa mpweya kumeneko, ngakhale batani la AC musanaligwire. Kulira kukatha, pitirizani ulendo mawindo ali otsegula. Mukamva fungo la labala wopsa, imani. Ngati AC ili ndi lamba wakewake ndipo kompuresa kapena kapule kajama, dulani lambayo ndi mpeni, tolani zidutswa zonse kuti zisakalowe pansi pa malamba enawo, muzipita. Ngati ndi lamba mmodzi wa zonse ndipo nyali ya batire yayaka, yang'anani muvi wa kutentha, patukani pamalo oyamba abwino, zimitsani injini. Musati ndingofika pa Mpamba. Vekani wakale uja ngati mapule onse akuzungulira. Ngati yajama ndi mbale yapakati yokha pule ikuzungulira bwino, zulani waya wa kompuresa kapena fyuzi yake kuti wina asaiyatse mwangozi, ndipo mufika kwanu. Ikakhala kuti pule yeniyeniyo ndi imene yagwira, pa injini zina amakaniko amayeza ndi chingwe njira yolambalala kompuresa n'kuika lamba wamfupi, galimoto n'kumayenda yopanda AC mpaka mutapeza ndalama ya kompuresa ina.